Mlamu Wanga Amene Anadya Manumea

Alamu anga a Uelese anakwatira mlongo wanga Fuatino ine ndikadali pasukulu, ndipo chinthu choyamba chimene tinadziwa za iwo n'chakuti sankatha kunama. Sikuti anali oyera mtima kuposa anthu ena. Ankayesa ndithu, koma bodza likangofika pakamwa ankagwidwa chibwibwi, n'kumangoti kakasi pa liwu limodzi mpaka womvera uja kuwamvera chisoni. Mayi athu ankati mwamuna wotere ndi wabwino kukhala naye m'nyumba, koma usadzamutume kukakana ngongole ya mchere kwa anansi.

Chachiwiri chinali mfuti. Mudzi wathu uli m'munsi mwa phiri, kumwera kwa chilumba cha Upolu, ndipo kuyambira kumene minda ya talo, mbewu yathu ya mizu yonga chinangwa, imathera mpaka kumitambo ndi nkhalango yokhayokha, imene boma linaisandutsa paki ife tisanakule. A Uelese ankaidziwa nkhalangoyo kuposa mmene ankadziwira nyimbo za kutchalitchi. Ikafika nyengo imene lupe zimanona, njiwa zathu zikuluzikulu zija, ankakwera m'bandakucha n'kutsika masana atazikoloweka m'chiuno. Lamlungu lililonse abusa ankadya lupe za a Uelese, ndipo popemphera ankawatchula dzina. Zoti m'pakimo munali moletsedwa kusaka, onse ankazidziwa monga mmene timadziwira kuti miseche ndi tchimo.

Namondwe Val atatigwetsera nyumba, anathyolanso nkhalango yonse ya kuphiri. Mitengo inangotsala zibonga, yopanda tsamba kapena chipatso, ndipo mbalame zinatsikira kuminda kudzapempha chakudya monga tonsefe. Miyezi imeneyo tinkadya mpunga wa chithandizo ndi nsomba za m'chitini mpaka ana anayamba kulira akangomva chitini chikutsegulidwa. Tsiku lina a Uelese akuchotsa zinthambi m'munda mwawo anaona mbalame itatera pamtengo wothyoka, anaiyesa lupe, anawombera. Pokaitola anapeza china. Msana wake unali wofiirira ngati dothi la katondo, mutu wakuda mobiriwira, mlomo waukulu, wofiira, wokhota, ndipo kunsi kwa mlomowo kunali timano.

Fuatino poyamba anakana kuiphika. Anati iye saphika ndiwo imene ingathe kumubwezera kuluma. Koma njala inamunyengerera, ndipo anaikulunga m'tsamba la nthochi, n'kuthirira mkaka wa kokonati, n'kuiika pamiyala yamoto. Nkhalamba ina yoyandikana nafe itaona mutu uli padzala inati imeneyo ndi manumea, ndipo inadandaula kwambiri kuti sitinaigawire. Ine ndinadya phiko limodzi, koma za phikolo palibe amene anandifunsapo mpaka lero.

Panapita zaka khumi ndi chimodzi. Nkhalango inamera, nyumba zinamangidwa zamalata, nkhaniyo tinaiiwala. Ndiye kunabwera anthu a bungwe lina loteteza mbalame kuchokera kulikulu ku Apia, motsogozedwa ndi mayi Makerita, amene anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu ku New Zealand. Anatisonkhanitsa m'nyumba ya misonkhano ya tchalitchi, anapachika chithunzi pamzati, n'kutiuza kuti mbalame imeneyi sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, kuti zatsala zowerengeka, ndiponso kuti ndi yomwe ija timaipinda m'thumba pa ndalama yathu yapepala ya matala makumi awiri. Kenako anafunsa ngati alipo wina amene anaionapo yamoyo.

Amuna onse osaka anayamba kuyang'ana zala zawo za kumapazi. Tinali titamva kuti lamulo lakhwima. A Uelese okha anakweza dzanja, Fuatino akuwakoka kumbuyo lavalava, nsalu yawo ya m'chiuno.

"Munaiona liti, bambo?" anafunsa mayi Makerita.

"Chaka cha namondwe."

"Inali patali bwanji ndi inu?"

"Poyamba ngati apa ndi pamsewu paja. Kenako inali pafupi kwambiri."

"Pafupi bwanji?"

"M'mbale."

Mayi Makerita anakhala nthawi akuyang'ana cholembera chawo, kenako anayamba kufunsa mafunso ena ndi mawu otsika, ngati namwino wofunsa wodwala. Anafunsa za miyendo, za khungu lozungulira diso, za kulemera kwake, za zimene zinali m'chithokomiro. A Uelese anayankha zonse, mpaka kunena kuti munali zipatso za mtengo wa maota zitatu, chimodzi chosagayika.

Madzulo ake Fuatino anawalongedzera zovala za kundende. Anaikamo ndi Baibulo, n'kunena kuti mwina kumeneko akaphunzira kutseka pakamwa. Tinadikira apolisi milungu iwiri. M'malo mwa apolisi kunabwera kalata yowalemba ntchito. Mayi Makerita anafotokoza pambuyo pake kuti m'midzi yonse imene anayenda, anthu ambiri ankati anaionapo manumea, koma onse ankalongosola chithunzi cha pandalama chija. A Uelese okha ndi amene ananena zinthu zimene wojambula sanajambule. Katswiri wina wa mbalameyi panalibe, ndipo bungwe linafunika munthu wolondolera alendo ndi ofufuza kuphiri. Anawapatsa malaya obiriwira, magalasi oonera patali ndi buku la zithunzi za mbalame. Mfuti anakaisiya kupolisi, wapolisi wolandira akuisisita ngati mwana wamasiye.

Umu ndi mmene alamu anga analowera m'gulu la anthu oonera mbalame. Anthu amenewa ife tinali tisanawamvetse. Amachoka kutali, ku Australia, ku Japan, ku Ulaya, atanyamula mndandanda wa mayina. Amadzuka nkhuku zisanalire, amakwera phiri m'matope ofika m'mawondo, udzudzu ukuwadya, kuti aone kambalame kamodzi kwa kanthawi kochepa kuposa kuyetsemula. Akakaona amachonga m'buku, n'kugwirana chanza, ndipo kuyambira pamenepo kambalameko sakayang'ananso ngakhale katawatera paphewa. Fuatino ankawapatsa chakumwa chotentha cha koko akatsika, n'kumawayang'ana ngati anthu ochira kumene matenda aakulu.

"Kale bambo ake Sieni ankapita kuphiri n'kubwera ndi ndiwo," ankatero kwa amayi anzake. "Lero akupita phiri lomwelo, akubwera ndi mayina."

Chodabwitsa n'chakuti ntchitoyo inawalowa m'magazi. Munthu amene kale ankagawa mbalame m'magulu awiri okha, zoyenera chipolopolo ndi zosayenera, anayamba kudziwa tizinthu tonse ta m'nkhalango. Ankadziwa nthambi imene kambalame ka se'u kamavinira katatambasula chipsepse. Ankadziwa khwawa limene ma'oma'o imalirira ngati mwana wosiyidwa. Ankatha kuima njira ili pakati, dzanja m'mwamba, azungu asanu n'kuuma kumbuyo kwawo, wina mwendo uli m'malere. Tikamamwa koko pakhonde ankadula nkhani ya maliro pakati kuti atiuze kuti kamene kalira kumene kaja ndi kakakazi.

Alendo onse ankabwera atamva kale mbiri yawo, pakuti mayi Makerita anailemba m'kapepala ka bungwe monga nkhani ya munthu wotembenuka mtima. Pokwera phiri palibe amene ankaitchula. Koma potsika, nthawi zonse pankakhala mmodzi wotsalira kumbuyo ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kuwayandikira, n'kunong'ona kuti kodi inkakoma bwanji. A Uelese ankayankha zoona: inali yolimba, inkamveka kafungo ka adyo, ndipo lupe imaiposa kutali. Akuti alendowo ankapuma mpweya wautali, ngati awauza kuti wachibale wawo anamwalira osavutika.

Ankawatenganso kupita nawo m'masukulu. Mphunzitsi ankawaimika kutsogolo, n'kuuza ana kuti uyu ndi munthu amene anadya chuma cha dziko, ndipo ana ankawomba m'manja. A Uelese ankawalangiza kuti asadzachite zimene iwo anachita. Nthawi ya mafunso ikafika, funso linali lomwe lija la azungu, kungoti ana sankanong'ona.

Zaka khumi ndi zisanu zinatha chotero, ndipo manumea sanaionenso. Nthawi zina ankamva kulira kochokera pamwamba pa mitengo ya maota, kulira kotsika ngati ng'ombe ili patali, koma lupe nayo imalira mofananako, ndipo iwo sankafuna kulumbira pa zimene sanaone. M'buku lawo la malipoti ankalemba kuti "mwina", kenako n'kufufuta.

Pakati pa alendo obwerabwera panali bambo Desmond Pryke a ku Toowoomba ku Australia, dokotala wa mano wopuma ntchito. Anali ataona mitundu ya mbalame yoposa zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankati atatha zaka makumi anayi ali m'kamwa mwa anthu, sangafe asanaone mano a mbalame. Anabwera ulendo woyamba, mvula yokhayokha. Ulendo wachiwiri anathyoka chala cha kuphazi. Ulendo wachitatu anabwera ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndipo anakwera phiri masiku khumi otsatizana. Tsiku lomaliza, nkhungu itaphimba theka la nkhalango, chimbalame chakuda chinabuka mumtengo wa maota, chinadutsa pampata, n'kulowa m'nkhungumo. Bambo Pryke anatsitsa magalasi.

"Uelese, mwauona mlomo uja? Wofiira, si choncho?"

"Ndauona, bambo. Ndi wakuda."

"Nanga msana? Ine ndaona kufiirira."

"Ndi lupe imeneyo."

"Mungatsimikize bwanji, ndi nkhungu yonseyi?"

"Lupe ndapha zoposa chikwi, bambo. Ndimaidziwa ngakhale itandifulatira."

Bambo Pryke anakhala pachipika chonyowa. Ananena mwakachetechete kuti dokotala wawo wa mtima wawauza kuti uno ndi ulendo wawo wautali womaliza. Sankapempha zambiri. Ankangofuna kuti a Uelese anene kuti n'kutheka. Alamu anga anandiuza kuti anamuyang'ana mkuluyo, tsitsi loyera litamatirira pamphumi, ndipo anatsimikiza mumtima kuti lero lokha anama, Mulungu adzamvetsa. Anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali "lu, lu, lu," mpaka liwu linatha lokha, lili lupe yomwe ija.

Bambo Pryke anasintha tsiku la ndege. M'mawa mwake anakwera phiri ndi Pelenato, woyendetsa takisi wa mudzi woyandikana nafe, amene anali atayamba kutenga alendo kuhotela n'kumawalondolera yekha. Pelenato ndi munthu wansangala, wodziwa kuseketsa azungu, ndipo alendo ake ankaiona manumea pafupifupi mlungu uliwonse. Bambo Pryke anaiona nthawi isanakwane naini koloko m'mawa. Anachonga m'buku, anakwera ndege osatsanzika.

Kuyambira chaka chimenecho alendo anayamba kuchepa kwa a Uelese. Pa intaneti ankalemba kuti ndi mkulu waulemu, wodziwa zambiri, koma alibe mwayi. Wofuna manumea apite kwa Pelenato. Pelenato anagula galimoto yachiwiri, n'kujambulitsa mbalameyo pachitseko, mano ake aakulu ngati a chinsomba cholusa cha shaki. Fuatino anawachonderera amuna ake kuti azingoti "mwina", liwu laling'ono chabe, limene ngakhale abusa amaligwiritsa ntchito akafunsidwa tsiku lotsiriza denga la tchalitchi. Iwo anati anayesa kale.

Chaka chotsatira, Lachitatu lina, mtengo unagwa n'kutseka kanjira ka alendo pamwamba pa mathithi, ndipo a Uelese anakwera okha kukaudula. Magalasi anawasiya chifukwa amawamenya pachifuwa akamatema. Foni inatsala ndi Fuatino, amene ankadikira kuti Sieni, mwana wawo wa ku Auckland ku New Zealand, aimbe. Ananyamula chikwanje ndi nthochi zowiritsa basi. Dzuwa lili paliwombo anakhala pansi kuti adye, ndipo anamva timakoko tikugwa pamasamba, kamodzikamodzi. Anakweza maso pang'onopang'ono.

Inali panthambi yotsika, mapazi khumi kuchokera pamene anakhala. Inagwira chipatso cha maota ndi mlomo, n'kumachicheka uku ndi uku mpaka khoko kung'ambika, kenako kumeza zam'kati, khoko pansi. Msana wofiirira uja, khungu lofiira lozungulira diso, timano tija. Inadya mosapupuluma, ngati mwini munda. Kawiri konse inapendeketsa mutu n'kuwayang'ana, kenako n'kupitiriza. Nyerere zinawakwera m'miyendo, iwo osagwedezeka, nthochi ili m'manja. Anandiuza kuti chimene chinawachititsa manyazi n'chakuti chala chawo chamkombaphala chinkangopindika chokha. Anachigwira ndi dzanja linalo. Patatha mwina theka la ola ndi kupitirira, mbalameyo inapukuta mlomo panthambi, inauluka ndi phokoso lolemera, n'kupita.

Mtengo uja sanaudule. Anatola makoko asanu ndi awiri, anawakulunga m'tsamba, anatsika. Pakhomo Fuatino atangowaona nkhope anawagwira pamphumi kuona ngati akutentha thupi.

M'mawa mwake anakwera basi yoyamba ya ku Apia atavala malaya obiriwira osita. Mayi Makerita tsopano anali mkulu wa bungwe lonse, imvi zitayamba. Anawalandira bwino, anamvetsera nkhani yonse, ndipo ine ndikhulupirira kuti mumtima anawakhulupirira. Koma malipoti a manumea anali atachuluka kwambiri zaka zimenezo, makamaka ochokera dera lathu, moti bungwe linaika lamulo: pasakhale kulandira lipoti popanda chithunzi, mawu ojambulidwa, nthenga, kapena mbalame yakufa. Panalinso katswiri wina wochokera kunja amene anayang'anitsitsa a Uelese kumaso, n'kuona kuyera m'diso lawo lamanzere. Anawapempha mwaulemu kuti awerenge kalendala ya pakhoma. Manambala aakulu anawerenga, timalemba ta m'munsi tinawakanika. Za makoko aja katswiriyo anati khoswe angathenso kuwang'amba chotero.

Lipoti lawo linalembedwa m'gulu la zosatsimikizika, tsamba limodzi ndi malipoti makumi awiri ndi atatu a Pelenato. A Uelese anakulunganso makoko awo, anaimirira.

"Mayi," anatero, "nditaipha munandikhulupirira mpaka kundilemba ntchito. Lero ndaisiya yamoyo, mukuti ndikadabwera ndi mtembo."

Patatha mlungu mayi Makerita anatumiza makamera anayi, aja omangirira pamtengo amene amajambula okha chinthu chikadutsa. Anati awaike pamene anaiona mbalameyo, ndipo asauze munthu aliyense. Iwo sanauzedi munthu, ngakhale ife a m'banja, ndipo palibe amene anawafunsa.

Makamerawo anakhala kuphiri miyezi itatu, n'kujambula zithunzi zikwi khumi ndi chimodzi. Zambiri zinali za masamba ogwedezeka ndi mphepo. Panali makoswe, nkhumba zam'tchire, mphaka mmodzi wonenepa, lupe zambirimbiri, ndi nkhope ya a Uelese kokwana mazana asanu ndi limodzi, atasuzumira m'kamera kuona ngati ikugwira ntchito. Manumea munalibe. Koma munali zithunzi zitatu za mwamuna wina wovala lavalava yofiira, chipewa chitaphimba nkhope, mfuti paphewa, lupe zinayi m'chiuno.

Mwamunayo ndinali ine. Ndinene zoona, zaka zonse zimene alamu anga ankalangiza ana m'masukulu, ine ndinkakwera phiri lomwelo kudzera mbali ina, kawiri kapena katatu nyengo ya lupe. Zina ndinkapatsa mlongo wanga, amene ankazidula tizidutswa n'kuuza amuna ake kuti ndi tinkhuku ta m'sitolo, timene masiku ano timabwera tating'ono.

Nkhaniyo inafika kubwalo la akuluakulu a mudzi, pakuti mudzi wathu unali utalonjeza bungwe lija kuti uletsa kusaka, ndipo chikwangwani cha lonjezolo chinali pamsewu. Chithunzi chinazungulira m'manja mwa onse. Aliyense anandizindikira, ndipo aliyense anati nkhope siikuoneka bwino. Nkhani ikadathera pomwepo. Koma wapampando, pofuna kutseka mwamwambo, anafunsa a Uelese ngati akumudziwa munthu wa pachithunzipo.

"Ndi mlamu wanga uyo," anatero akundiloza. "Lavalavayo ndinamugulira ndine pa Khrisimasi."

Wapampando anausa moyo. Anafunsanso ngati ankadziwa kuti ndimasaka. Ndinaona milomo ya alamu anga ikuyesa kupanga liwu lakuti ayi, ndinamva ka "a, a, a" kaja kakuyamba, kenako anagonja.

"Nkhuku ya m'sitolo sikhala ndi tizipolopolo pachifuwa. Ndakhala ndikulavulira m'mbale zaka khumi."

Anatilipitsa tonse awiri, ine nkhumba ziwiri, iwo imodzi chifukwa chodziwa koma osanena. Loweruka mudzi wonse unadya. Akuluakulu amene anatiweruza analandira mbali zonona, ndipo mmodzi wa iwo, akupukuta mafuta pachibwano, anandinong'oneza kuti nkhumba ndi yabwino koma siifika pa lupe ya mu Novembala. Fuatino sanatiyankhule tonse awiri kwa milungu itatu. Ine anandikwiyira chifukwa chojambulidwa, amuna ake chifukwa chodya zaka khumi osayamikira.

Bungwe silinawachotse ntchito, pakuti nthawi yawo yopuma inali itayandikira kale. Anawachitira phwando, anawapatsa mbale yagalasi yolembedwa dzina lawo molakwika. Chaka chomwecho kunabwera madokotala a maso ochokera kunja, anawachotsa ng'ala ija, ndipo tsopano amaona bwino kuposa ine. Amawerenga timalemba ta pabotolo la mankhwala popanda magalasi. Mankhwalawo ndi a mawondo. Mawondo ndi amene anatha, moti ngakhale masitepe a tchalitchi amakwera atagwira phewa la munthu.

Chaka chatha kunabwera kalata yochokera ku Toowoomba. Bambo Pryke analemba kuti dokotala wawo wa mtima uja anamwalira, iwo akadali moyo. Analembanso kuti manumea ija aifufuta m'buku. Anati kachonga kameneko kanali ngati dzino lomatidwa molakwika: masana umaiwala, koma ukamwa madzi ozizira limakukumbutsa. Anafunsa ngati a Uelese angawalandirenso. Alamu anga anayankha kuti abwere, mtengo wa mbalameyo akuudziwa.

Anafika mu Okutobala ali ndi ndodo ziwiri. Kuchokera kumene msewu umathera kukafika pamtengo uja ndi maola atatu kwa munthu wamiyendo yabwino, ndipo pakati pa awiriwo panalibe bondo limodzi lodalirika. Choncho m'mawa uliwonse ndinkawanyamula pagalimoto yanga mpaka kumapeto kwa minda ya talo, n'kuwaikira mipando iwiri yapulasitiki moyang'ana phiri. Ankakhala pamenepo kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kutentha kutawathamangitsa, magalasi m'maso, a Uelese akuloza ndi chala dera limene mtengowo uli, kadontho kobiriwira pakati pa zobiriwira zina. Pelenato ankadutsa ndi alendo ake, ankatipatsa moni mwansangala, ndipo pofika leveni koloko ankatsika onse akumwetulira. Bambo Pryke ankawakwezera chipewa.

Tsiku lachinayi Fuatino anatumiza talo wowotcha. Bambo Pryke anasiya kuyang'ana phiri, n'kuyamba kuyang'ana mnzawoyo akudya. Anafunsa kuti ayamba liti kutafunira mbali imodzi. A Uelese anati ndi kale. Bambo Pryke anapukuta manja, anatulutsa katochi m'thumba, anawauza kuti ayasamule, ndipo pomwepo m'mphepete mwa munda anasuzumira m'kamwa mwa alamu anga kwa nthawi yaitali, akung'ung'udza yekha mokondwa.

"Dzino ili linang'ambika pakati," anatero. "Munaluma chiyani cholimba chonchi? Ngati chitsulo."

A Uelese, pakamwa pali yasa, anatembenuzira maso kwa ine. Ine ndinali nditatenga magalasi a bambo Pryke, ndikuyang'ana phiri.

Lachisanu tinapita nawo ku Apia kukazula dzinolo, bambo Pryke ataima pambali pa dokotala n'kumamuuza zochita mpaka dokotalayo anawapempha kuti akadikire panja. Loweruka anakwera ndege. Alemba kale kuti abweranso chaka chino, ndipo afunsa ngati tingapeze mipando yokhala ndi potsamira mikono.